Mwana akusokonezeka ndi mabuku omvera a nkhani zamakedzana

Kholo: Mwana wanga wazaka 11 amakonda mabuku omvera a nkhani zopeka zamakedzana, koma pofika pakati amasokoneza anthu ndi zaka. Nditani?

Mphunzitsi: Mapu ndi mayina zimene amaziona m'buku losindikiza sizioneka akamamvera. Mulembereni mayinawo papepala. Amve mutu umodzi, mphindi 20, kenako akufotokozereni yekha. Wowerenga akamathamanga, tsitsani liwiro la mawu pa chipangizo chomvera lifike 0.9, kutanthauza pang'onopang'ono kuposa nthawi zonse.

Wa ku laibulale: LibriVox, webusaiti ya mabuku omvera, njaulere, koma mabuku ake ambiri ngakale, ndipo ena amanyoza anthu akuda monga ankalembera atsamunda. Chonde, yambani mwamvera nokha.

Kholo lina: Koperani pa Wi-Fi. Ola limodzi pa 64 kbps (muyezo wa kuchuluka kwa data ya mawu pa sekondi) limadya pafupifupi 29 MB, choncho buku la maola 8 lipitirira 200 MB.