Liwu lakuti "might": mphamvu kapena mwina?

NaBanda_Area25: Abale ndithandizeni. Mwana wanga wa Fomu 2 akuti anaphunzira kuti "might" ndi liwu lokayikira, ngati mu "it might rain". Koma bambo ake amangokhalira Mighty Wanderers, ndipo kutchalitchi timamva "Almighty God". Zikugwirizana bwanji zimenezi? Kapena ndi mawu awiri ongofanana kalembedwe?

Chitedze_Neba: Amayi, muuzeni mwanayo kuti ife Manoma sitikayikira. A "might win" ndi anzathu ovala zofiira aja.

GogoChisale: Mayi, muzu wake ndi umodzi. M'Chingelezi chakale, cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, "miht" inali mphamvu, ndipo mneni yemwe anabala "may" ankatanthauza kukhala ndi mphamvu yochitira chinthu. "Might" wa mvulayo ndi "may" yemweyo wa nthawi yakale. Kenaka tanthauzo linayamba kusuluka: poyamba kutha, kenako kuloledwa, mapeto ake mwina chabe. "Might" wa dzina yekha, osati wa mneni, ndi yemwe anasunga nyonga zake.

Nafenso timatero. Tikati "atha kusenza thumba la chimanga" tikunena za nyonga, koma tikati "mvula itha kugwa" palibe amene akuyamikira minyewa ya mvula.

"Power" ndi mlendo. Analowa ndi Chifalansa, William wa ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, ndipo gwero lake ndi mneni wa Chilatini wotanthauzanso kutha. Mpaka lero Afalansa akati "pouvoir" akhoza kutanthauza kutha kapena ulamuliro. Ine ndimaona kuti n'chifukwa chake "might" anatsalira m'mapemphero ndi m'mawu olemekeza, pomwe mlendoyu analanda boma ndi magetsi omwe.

Mjoni_wa_ku_Dedza: Agogo mwanditsegula m'maso. Kuno ku Joni, m'Chiafrikaans, "mag" amagwira ntchito ziwiri zomwezo, mphamvu komanso kuloledwa. Asilikali a ndege amawatcha "lugmag". Ajeremani nawo ali ndi "Macht", uja ali kumapeto kwa Wehrmacht, asilikali a nthawi ya Hitler.

NaBanda_Area25: Zikomo agogo. Nanga "with might and main", "main" akutani pamenepo? Ine ndimadziwa wa "main road" basi.

GogoChisale: Ameneyonso ndi wa banja lomwelo, mayi. Kale anali "mægen", kutanthauza nyonga, ndiye mawuwo akungonena mphamvu kawiri. Tanthauzo lakuti chachikulu pa zonse linabwera pambuyo pake.