Kaboti ka thanga: ndigule injini yotani, ndimange pati?

Wofunsa, Katoto:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kaboti ka faiba koyendera thanga, kotalika mamita 4, kokwera anthu atatu. Kamakhala ku Nkhata Bay. Ndikufuna injini yondibweza kumtunda mphepo ikaleka. Ena akuti ndigule ya mphamvu ya 15 hp (horsepower) ngati ya asodzi a usipa. Thabwa lakumbuyo ndi lotalika masentimita 40, ndipo chiwongolero chili pakati penipeni. Nditani?

Mmisiri wa maboti, Nkhata Bay:
Achimwene, ya 15 ija isiyeni. Imaposa makilogalamu 35. Mukaipachika pa kaboti kotere, kumbuyo kumira, kutsogolo kudzuka, funde lochokera kumbuyo lizingolowa. Thabwa la boti la thanga silinapangidwire katundu wotere, limayamba ming'alu m'makona. Komanso boti la mamita 4 lopangidwa chonchi liwiro lake limathera cha m'makilomita 9 pa ola, mphamvu yoonjezera imangokumba madzi n'kumwa petulo. Funani ya 2.5 kapena 3.5 hp, ya makilogalamu 13 mpaka 18, yoti munthu mmodzi anyamule. Ngati pa boti pali kachitsulo kolembedwa malire a hp, musapitirire pamenepo.

Makaniko, Luwinga:
Nkhani yagona pa mwendo wa injini, bambo. Ilipo ya mwendo waufupi, mainchesi 15, ndi ya wautali, mainchesi 20. Masentimita 40 anuwo akugwirizana ndi waufupi, koma yezani pamalo enieni pomwe injini idzakhale, osati pakati. Pamwamba pa pulopela pali kachitsulo kophwatalala. Kameneko kafanane ndi pansi pa boti, kapena katsike ndi masentimita awiri. Kakakwera, pulopela imayamwa mpweya: injini ingolira kwambiri boti osayenda, ndipo pampu yoziziritsa injini ikasowa madzi injini itentha. Pa mafunde a mwera, June ndi July, kumbuyo kwa boti kumanyamuka pafupipafupi, ndiye mukakayika sankhani yotsikirako.

Wofunsa, Katoto:
Zikomo abwana. Nanga chiwongolero chija sichigundana ndi pulopela?

Mmisiri wa maboti, Nkhata Bay:
Chigundana mukamanga mwachisawawa. Injini ikhale pambali, masentimita 25 kapena 30 kuchoka pakati. Musanaboole chilichonse, ipachikeni boti lili pamchenga, mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku, mupukuse pulopela ndi dzanja, mukweze mwendo muone ngati mutu wa injini sukukola chingwe cha thanga. Pasakhale pokhudzana paliponse.

Faiba yokha siipirira zomangira za injini. Dulani timatabwa tiwiri ta plywood yosalowa madzi, ya mamilimita 18, kena mkati kena kunja. Pakani epoxy, guluu wolimba wosalowa madzi, mbali zonse, makamaka m'mphepete, mumange ndi mabauti anayi osachita dzimbiri a mamilimita 8 ndi mawashala aakulu. Mabowo muwamate bwino, madzi akalowa thabwa limaolera mkati inu osaona. Zomangira za injini limbitsani ndi manja, osati sipanala, ndipo muzionenso pakatha mphindi 15 chifukwa kunjenjemera kumazimasula. Kenaka chingwe: injini imangiriridwe ku boti. Kuno nyanja imayamba kuya pafupi ndi gombe, yogwa siivuuka.

Poyenda, injini iloze kutsogolo basi, muziwongola ndi chiwongolero cha boti.

Makaniko, Luwinga:
Ngati injiniyo ndi 2-stroke, yosakaniza oyilo ndi petulo, onani buku lake. Zambiri zimafuna 50:1, ndiye kuti mamililita 100 a oyilo wa injini za maboti wolembedwa TC-W3 pa malita 5 a petulo. Oyilo wa njinga yamoto ayi. Ya 4-stroke siisakaniza, koma potsika nayo pa galimoto kuchoka ku Mzuzu muigoneke mbali imene yalembedwa, apo ayi oyilo alowa mu silinda ikakane kulira. Tsegulani kabowo ka mpweya pa chivindikiro cha thanki musanakoke chingwe, ambiri amaiwala n'kumati injini yafa. Ikangolira, onani ngati ikulavula madzi. Osailiza pouma ngakhale pang'ono, impela, kalabala kozungulira mu pampu ya madzi, imapsa.

Membala wina, Chintheche:
Muzinyamula pulagi, sipanala yake, mapini a pulopela awiri ngati injiniyo ndi ya pini, ndi nkhafi. Kachingwe kofiira kozimitsira injini kakhale pa dzanja nthawi zonse, aliyense atavala jekete yoyandamitsa. Pofika pamchenga zimitsani msanga, mukweze mwendo, mumalize ndi nkhafi.

Wofunsa, Katoto:
Ndamva akuluakulu. Loweruka ndikayezanso thabwalo pambali, ndidzaponya zithunzi pano ndisanagule.