Gulu la Kwathu: foni ya agogo ndi kalendala ya banja

Lachiwiri

Malume: Madzulo abwino nonse. Amene muli pa intaneti yankhani, pali nkhani ya bambo.

Amayi: Tilipo alongo. Kwagwanji?

Amayi Aang'ono: Musatekeseke, ali bwinobwino, ali pompano akumvera wailesi. Koma tsiku lawo lokaonana ndi dokotala linali dzulo, ife timayesa ndi Lolemba likudzali. Kapepala kanali m'thumba la jekete, jeketelo linalowa m'madzi. Atipatsa tsiku lina, kungoti mankhwala a BP atsala pang'ono kutha.

Malume: Aka si koyamba. Ndiponso ndalama zothandizira bambo zili balalabalala, wina amatumiza kwa uyu, wina kwa uyo, mwezi ukatha palibe amene akudziwa kuti zalowa zingati. Tikonze zinthu.

Achimwene: Malume, zimenezo ndisiyireni. Ndatsegula kale kalendala pa Google Calendar, ndaitcha "Agogo". Ndakonzanso tebulo la zopereka pa Google Sheets, foda ya pa Drive yosungiramo zithunzi za mapepala a kuchipatala, ndi mndandanda wa zogula pa Google Keep. Aliyense anditumizire imelo yake kumbali.

Amayi: Iwe, zinthu zinayi usiku umodzi? Ine pa zonsezo ndamvapo kalendala yokha.

Msuweni: Azakhali mwandiyankhulira 😂

Achimwene: N'zosavuta amayi, n'zaulerenso. Akaunti iliyonse ya Google imabwera ndi malo okwana 15 GB, mapepala a agogo sangadzaze ngakhale kangodya. Agogowo sayenera kugwira kalikonse, ife tizilemba, amayi aang'ono aziwauza.

Amayi Aang'ono: Dikirani kaye. Ndimawawerengera mauthengawa, ndiye akuti ayankhe okha.

Agogo (uthenga wa mawu, pa foni ya Amayi Aang'ono): Ndamva zonse. Mukukambirana za ine koma mwini wakene simunandifunse. Ine ndinagwira ntchito ya ukalaliki, mabuku a ndalama za anthu ndinkalemba ndi dzanja lomweli, osaphonya. Foni munandigulira ija ili m'kabati, mukudziwa chifukwa chake? Aliyense ndikamufunsa kanthu amangoitsomphola, zala pherepethe, kenako "yatheka agogo", n'kundibwezera. Yatheka bwanji? Ine sindinaone. Ndiphunzitseni, masiku angawo ndizilemba ndekha. Safunsa anadya phula, ine ndafunsa.

Amayi: Eeh. Mwamva anthu inu.

Malume: Bambo akunena zoona, koma tisanamizane. Zaka zapita, maso akuvuta, ndipo mankhwala si chinthu choti munthu aziphunzirirapo. Akadina polakwika ndiye chiyani?

Msuweni: Adadi, Kimani Maruge wa ku Kenya analowa sukulu ya pulayimale mu 2004 ali ndi zaka 84, n'kumakhala m'kalasi limodzi ndi tiana. Chaka chotsatira anakayankhula ku United Nations ku New York za maphunziro. Agogo sanafike zaka zimenezo, ndipo kulemba ndi kuwerenga amatiposa tonse.

Malume: Maruge sankamwa mankhwala a bambo angawa.

Ine: Malume, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo yankho lake lilipo. Foni ya amayi aang'ono izilira nthawi yomweyo imene ya agogo ikulira, mpaka tidzakhutire. Agogo akaphonya, pali wina wamva. Koma pa zophunzitsazo ndiloleni ndiyankhule, paja kuntchito ndimaphunzitsa akuluakulu.

Ine: Vuto si ukalamba ayi, ndi kaphunzitsidwe kathu. Timafika tsiku limodzi, kuwaonetsa zinthu khumi mothamanga, n'kusowa mwezi wathunthu. Ngakhale mwana wa zaka 15 sangagwire chonchi. Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, anadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo, ndipo zimene anapeza anazifalitsa mu 1885. Anaona kuti munthu amaiwala kwambiri m'maola oyambirira akangophunzira chinthu, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Ukabwereza mawa lake, n'kubwerezanso patapita masiku, chimakhazikika, ndipo ulendo uliwonse chimatenga nthawi yochepa kuposa poyamba. Ndiye mphindi 15 kangapo pa sabata zimaposa tsiku lonse lathunthu kamodzi pa mwezi.

Achimwene: Aphunzitsi ayamba 😅

Ine: Ndayambadi achimwene, ndipo lamulo loyamba ndi lanu: wophunzitsa manja kumbuyo. Chala chodina chikhale cha agogo. Ngakhale atenge mphindi zitatu kufunafuna batani limene inu mukuliona, musaloze, ingonenani kuti "lili kumunsi, kumanja". Lachiwiri, phunziro limodzi chinthu chimodzi. Lachitatu, musanayambe chatsopano apange kaye okha cha ulendo watha.

Amayi: Nanga zinthu zinayi zija?

Ine: Zitsale ziwiri. Kalendala ya masiku, ndi tebulo la ndalama. Zogula amayi aang'ono azilemba pompano monga kale. Foda ya mapepala idikire, koma chonde zithunzi za buku la kuchipatala ndi chiphaso cha agogo musaponye pagulu pano, muno muli mafoni ambiri ndipo ena amabwerekana ndi ana.

Achimwene: Keep yanga yafa isanabadwe. Chabwino.

Malume: Tebulo la ndalamalo wina akasintha nambala mwakachetechete tidziwa bwanji?

Achimwene: Olemba akhala awiri okha, inuyo ndi amayi. Enafe tizingoona, osatha kusintha. Komanso Sheets imasunga mbiri ya zonse zasinthidwa, mukatsegula pa kompyuta imaonetsa kuti wasintha ndani, tsiku liti, ndipo mutha kubwezeretsa mmene zinalili.

Malume: Zimenezo ndiye ndazikonda.

Msuweni: Ndaika voti pansipa, aliyense asankhe tsiku limene angaphunzitse agogo. Mungodina tsikulo, musalembe uthenga wina. Ine ndatenga Lachinayi.

Amayi: Lachisanu.

Msuweni: Azakhali, dinani pa votiyo 🙈

Lachinayi

Msuweni: Lipoti la phunziro loyamba. Foni tinaipeza batire itatheratu, tinayamba ndi kutchaja. Poyamba ndinakulitsa zilembo mu Settings mpaka agogo anati "apo, tsopano ndikuona anthu". Kenako ndinapeza chimene chimawavuta. Sadina, amasindikiza, ngati mmene amadindira chidindo ku ofesi. Ndiye foni imayesa akufuna kusuntha chizindikirocho, zinthu n'kuyamba kuyendayenda pa sikirini, iwo n'kuchita mantha kuti aononga. Mu Accessibility muli poti "Touch and hold delay", ndinaika pa Long, vuto lonse linathera pomwepo.

Ine: Mwaona? Chaka chonse timati agogo sangathe, chonsecho ndi kabatani kamodzi.

Msuweni: Anatulutsa kope latsopano. Chizindikiro chilichonse akuchijambula ndi bolopeni, pambali n'kulemba ntchito yake. Kamaikolofoni: "gwira, yankhula, siya". Kawotchi: "belu la mankhwala". Pa kandege kotumizira uthenga anandifunsa kuti bwanji sanangojambula envelopu, ndinasowa choyankha. Manja kumbuyo ndi chilango, ndikuuzeni, kawiri konse ndinatsala pang'ono kuilanda.

Amayi Aang'ono: Alamu ya 7 koloko madzulo atchera okha, ndipo masiku onse asanu ndi awiri anadina okha kuti izibwereza. Yalira onse tili pakhonde, anyamuka ngati aitanidwa ndi abwana.

Amayi: Ambuye alemekezeke. Koma ine kalendala ija ikuoneka, tsiku la kuchipatala ndikuliona, koma sinandikumbutse kanthu pamene iwe unati uyesera dzulo.

Achimwene: Chikumbutso aliyense amatchera chake amayi. Changa chimalira kwa ine ndekha ngakhale kalendala ndi imodzi. Tsegulani tsikulo, pezani kabelu, musankhe kuti ikukumbutseni kutatsala tsiku limodzi. Ndikuimbirani pa vidiyo madzulo, WhatsApp imalola kuonetsana sikirini kuyambira 2023, ndiziona pamene mukudina.

Amayi: Manja kumbuyo.

Achimwene: Kuno ndili kutali, ngakhale nditafuna sindingailande 😂

Malume: Ine sikuoneka n'komwe kalendalayo.

Achimwene: Munalandira imelo yokuitanani malume, muli linki yoti muvomereze. Mukavomereza n'kusaonekabe, lowani mu Settings ya kalendala pa foni, mupeze dzina loti "Agogo", muyatse Sync.

Lachisanu

Amayi Aang'ono: Abale, pa foni ya bambo pabwera uthenga wa nambala zisanu ndi imodzi, kenako wina waimba akuti anatumiza molakwitsa, timuwerengere. Bambo amuuza kuti adikire afunse adzukulu awo.

Ine: MUSAPEREKE. Ndi akuba amenewo. Nambala imeneyo ndi imene WhatsApp imatumiza munthu akafuna kutsegula akaunti yanu pa foni ina. Mukangowerenga, akaunti ya agogo yapita, kenako ayamba kulembera aliyense wa ife ngati ndi agogo, kupempha ndalama za kuchipatala. Ndani pano angakane?

Malume: Ndi zimene ndinkaopa zija izi.

Ine: Koma taonani malume, agogo sanapereke. Munthu amene anasungapo ndalama za anthu sapupuluma. Phunziro la lero lisinthe, amayi. Zolemba pa kalendala zidikire, muwathandize kuyatsa Two-step verification, ili mu Settings, pa Account. Asankhe okha PIN ya manambala 6, isakhale chaka chawo chobadwa, ailembe papepala lina osati m'kope limene limayenda ndi foni. Ndipo zoonetsana sikirini zija ndi za ife tokhatokha, mlendo akapempha zimenezo adule foni.

Amayi: Ineyo ndiyambe ndayatsa yanga, ndisakachite manyazi pamaso pa bambo.

Msuweni: Tonse tiyatse lero. Amene wayatsa aike chala chakumwamba pa uthengawu.

Achimwene: Ndaika malamulo atatu aja ndi nkhani ya nambalayi pamwamba pa gulu. Uthenga woikidwa pamwamba umakhalapo masiku 30 basi ukatalikitsa, wina adzandikumbutse kuubwezeretsa.

Msuweni: Lembani pa kalendala 😌

Amayi Aang'ono: Ine ndili ndi pempho, musandiseke. Tebulo lija ndaliona mmene likuwonkhetsera lokha pansi. Ngongole za makasitomala anga ndimalemba m'makope atatu, ena amakana kuti sanatenge. Sindingaphunzire nanenso?

Ine: Mungathe kwambiri amayi aang'ono. Mizere inayi yokha: tsiku, dzina, zimene watenga, zimene wabweza. Kuwonkhetsa ndi kachilembo kamodzi kotchedwa SUM, mukakaphunzira kamodzi basi. Pa YouTube pali maphunziro ambiri a zimenezi, ndipo wophunzitsa akamathamanga mutha kuchepetsa liwiro la vidiyo kufika pa 0.75, kapena kuimitsa n'kuyesera kaye. Koma choyamba tipange limodzi Lamlungu, ndi ngongole zenizenizo, osati zongopeka. Munthu wamkulu amagwira msanga chinthu chimene akuchifuna mawa lomwe.

Amayi Aang'ono: Bandulo ndiye izitha bwanji?

Achimwene: Imene imadya bandulo yanu si maphunziro ayi, ndi mavidiyo a "mwadzuka bwanji" amene amalowa okha. Pitani pa Storage and data, muzimitse zoti zithunzi ndi mavidiyo zizitsika zokha. Ndipo amene amatumiza maluwa ovina m'mawa uliwonse akudzidziwa.

Amayi: Maluwa anga asiye.

Malume: Lamlungulo muyamba nthawi yanji? Popeza ndine wolemba ndalama, ndibwere ndidzaonerere kuti zikuyenda bwanji.

Msuweni: Kudzaonerera, adadi?

Malume: Iwe khala chete. Ndibweretsa kope langa.

Loweruka

Achimwene: Ndawalowetsa agogo pagulu ndi nambala yawo. Takulandirani agogo!

Agogo: Zikomo

Agogo: Ndalemba ndekha

Agogo: Tsiku la dokotala ndaika pa kalendala. Amene analemba poyamba analakwitsa nthawi, pakapepala alemba 8 koloko osati 9. Ndakonza

Achimwene: Ndaona agogo, zoonadi ndi 8. Mwakonza bwino.

Malume: Ndani anawapatsa mphamvu zosintha?

Ine: Kalendala ndi yawo malume.

Amayi Aang'ono: Uthenga wachitatuwo watenga nthawi yaitali, koma anakana kuti ndiwathandize. Zotsalira pa voti: Lolemba palibe amene watenga, ndipo phunziro lake ndi kujambula pepala kuti zilembo zizioneka bwino. Achemwali?

Amayi: Ndatenga, ndipo ndadina pa voti, mwana wa alongo anga aone.

Agogo (uthenga wa mawu): Adzukulu anga, funso. Foniyi chilowereni pagulu lino yangokhalira kulira, ndimadzuka kuyesa ndi belu la mankhwala, kupeza ndi inu mukuseka. Ndingaitontholetse bwanji kuti gululi likhale chete koma belu lizilira?

Msuweni: Agogo, dinani dzina la gulu pamwambapo, mutsike pang'onopang'ono mpaka muone kabelu. Mukakapeza mundiuze, ndisakuuzeni zonse.

Agogo: Ndakapeza. Akufunsa 8 hours, 1 week, Always

Malume: Yoyambayo bambo, maola 8. Yachitatuyo musaiyandikire.

Agogo: Ndadina yachiwiri