Kodi chithunzi ichi cha Bishopu Burnet n'cha m'nthawi yake?

Nangozo: Ndili ndi chithunzi chosindikizidwa cha Gilbert Burnet, amene anali bishopu wa Salisbury ku England kuyambira 1689 mpaka pamene anamwalira mu 1715. Ndinachigula m'sitolo ya mabuku akale ku York, koma m'mbali mwake munadulidwa kwambiri moti mawu a m'munsi anatsala ochepa. Kodi ndingadziwe bwanji ngati chinasindikizidwa m'zaka zimenezo kapena pambuyo pake?

Mbewe: Mayi, yambani mwaona pepala musanaone nkhope. Mukalikweza pa kuwala, pepala la nthawi imeneyo limaonetsa timizere tothithikana todutsidwa ndi mizere ina yotalikirana, chifukwa linkapangidwa pamanja pa sefa ya mawaya. Pepala lopanda mizereyi linayamba kuoneka ku England cha m'ma 1757, choncho ngati lanu lili lotero, chithunzicho chinasindikizidwa Burnet atamwalira kalekale. Kupezeka kwa mizere pakokha si umboni wokwanira, popeza mapepala otere ankapangidwabe m'zaka zotsatira.

Kenako tengani galasi lokuzira zinthu. Ngati mwinjiro ndi tsitsi zapangidwa ndi mizere yakuthwa yopingasana, ndiye kuti wina anazokota mkuwa ndi chitsulo chosongoka, monga ankachitira George Vertue, amene anatchuka ndi chithunzi cha Akibishopu John Tillotson. Ngati mdima wake uli wofewa wopanda mizere, imeneyo ndi mezzotint, luso limene John Smith ankaligwiritsa ntchito pojambulanso zithunzi zimene Godfrey Kneller anajambula. Mkuwa wa mezzotint unkaperepeseka msanga, ndipo eni masitolo ankaugula n'kupitiriza kusindikiza nawo, n'chifukwa chake makope ochedwa amaoneka otuwa pamene oyambirira ndi akuda bii.

Chisale: Ndikugwirizana ndi a Mbewe, koma kudulidwako kusakudetseni nkhawa kwambiri, ngakhale kumatsitsadi mtengo. Zithunzi zambiri za mabishopu zinkaikidwa kutsogolo kwa mabuku a maulaliki awo, ndipo James Granger atatulutsa buku lake la mbiri ya anthu otchuka a ku England mu 1769, osonkhanitsa zithunzi anayamba kuzing'amba m'mabukumo, kuzidula m'mbali ndi kuzimata m'mabuku awo. Mchitidwewu unawononga mabuku abwino ochuluka, ndipo ine sindiuyamikira, komabe chithunzi chodulidwa chotero nthawi zambiri chimakhala chakale ndithu. Pa mawu otsalawo funani "pinx." pafupi ndi dzina la wojambula, ndiponso "sculp." kapena "fecit" pafupi ndi la wozokota.

Nangozo: Zikomo nonse, bambo. Mizere ya pepala ikuoneka, ndipo mdima wake ndi wofewa, koma dzina la wozokota linapita ndi lumo.

Mbewe: Pamenepo yerekezani chithunzicho ndi zimene National Portrait Gallery ndi British Museum, malo osungira zinthu zakale a ku London, anaika pa intaneti pansi pa dzina la Burnet, ndipo muyeze kutalika kwa mutu ndi chimango chozungulira, chifukwa makope ochokera pa mkuwa umodzi amafanana muyeso ngakhale atadulidwa m'mbali.