Mnyamata wa Fomu 2 wasiya kulankhula m'kalasi: ndimuthandize bwanji?

Mphunzitsi wa ku Chilobwe:
Aphunzitsi anzanga ndi makolo, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndinalowa uphunzitsi chifukwa cha mayi ena amene anandiphunzitsa Sitandade 8. Bambo anga atamwalira, mayiwo ankandisungira mbatata yootcha m'kabati ya mabuku, ndipo sanandifunsepo pamaso pa anzanga chimene ndinkaodzerera m'kalasi. Lero ndimaphunzitsa Chichewa ndi Life Skills pa sekondale ina yoyendera, ndipo ndakumana ndi mwana amene ndikusowa pomugwira.

Banja lake linataya nyumba ndi mlongo wake wamng'ono pamene matope anatsika m'phiri la Soche nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Masiku ano amakhala kumbuyo ataweramira desiki, ndipo mvula ikangoyamba kulira pa malata amatuluka osatsanzika. Sabata yatha anamenya mnzake chifukwa cha cholembera. Anzanga ena akuti ndi mwano wa unyamata, apatsidwe chibalo chokumba dzenje, koma mtima wanga ukukana. Ndiyambire pati?

Mphunzitsi wopuma wa ku Ndirande:
Achemwali, mwachita bwino kufunsa. Ine ndinalowa ntchitoyi mu 1994, boma litachotsa fizi kupulayimale, pamene ana anasefukira m'makalasi ndipo ambiri a ife tinalembedwa tisanaphunzire za uphunzitsi. Maphunzirowo anadza pambuyo kudzera mu MIITEP, ndondomeko yophunzitsa aphunzitsi ali kale pantchito, kenaka ndinakatenga dipuloma ku Domasi. Koma za mtima wa mwana ndinaziphunzira kwa anawo.

Wachinyamata salankhula mukamuitanira muofesi n'kumukhazika pampando moyang'anizana naye, chifukwa kwa iye umenewo ndi mlandu. Mumutume akunyamulireni makope, muziyenda naye limodzi, mukambe za mpira kapena za mayeso a JCE, ndipo musafulumire kufunsa za malirowo. Zikhoza kutenga teremu yonse. Za mvulazo, gwirizanani kuti akamva mantha azingokwezera dzanja n'kukaima pakhonde, kuti kutulukako kusaoneke ngati chipongwe. Mnyamatayo apepese ndithu kwa mnzake womenyedwa uja, pakuti chisoni sichipereka chilolezo chovulaza ena. Dzenje lokhalo ndikukana: mwana amene anaona abale akufukula matope ndi makasu kufunafuna mlongo wake, musamupatse khasu ngati chilango.

Mayi wa mother group ku Bangwe:
Aphunzitsi, mukafikenso kunyumba, koma muyambe mwamuuza mwanayo kuti mubwera, asaone ngati mwapita kukamunenera. Mukaone kumene akugona ndiponso ngati amadya kanthu asananyamuke, chifukwa ena amaweramira desiki atachezera ganyu kumsika wa Limbe. Ife timalondola kwambiri atsikana, makamaka obwerera kusukulu atabereka, ndipo ndivomere kuti anyamata timawaiwala. Amakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, ndiye misozi imene yakanizidwa imatulukira m'zibakera.

Namwino wa ku Zingwangwa:
Ndikugwirizana ndi akuluakulu ayankha kalewa, koma ndiwonjezere chenjezo. Akayamba kumasuka, musamulonjeze kuti zonse zidzakhala chinsinsi. Mumuuze poyera kuti akatchula zofuna kudzipha, kapena zoti wina akumuchitira nkhanza, mudzauza amene angamuteteze, ndipo mudzatero tsiku lomwelo podziwitsa ahedi ndi womulera. Kumufunsa mwachindunji ngati ali ndi maganizo otere sikumupatsa maganizowo. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116, imene amayendetsa a bungwe la YONECO, ndi yaulere ndipo mwana akhoza kuimba yekha. Ngati sakugona, akulota zoopsa, kapena mantha a mvulawo akukulirakulira, womulera apite naye kuchipatala chapafupi, kumene angamutumize ku chipatala chachikulu cha Gulupu kukaonana ndi odziwa za matenda a maganizo. Inunso, mayi, mupeze mnzanu wokambirana naye, chifukwa nkhani zotere zimalemera.

Mphunzitsi wa ku Chilobwe:
Zikomo kwambiri nonse. Ahedi avomera kuti chibalo chija chichotsedwe, ndipo anyamata awiriwo apepesana. Dzulo anandinyamulira makope mpaka ku staff room osanena kanthu, koma pobwerera anandifunsa ngati mitambo imene inali pamwamba pa Soche inali ya mvula. Loweruka ndikaonana ndi azakhali ake amene akumusunga.