Thandizeni abale, aphunzitsi andibwezera ntchito yanga ya cyberpunk

Membala wosadziwika:
Moni nonse. A admin chonde musafufute, ndikudziwa kuti muno timakamba za mafoni ndi makompyuta, koma nkhani yanga ikugwera komweko. Ndili chaka chachiwiri ndipo tapatsidwa buku loti tiwerenge, kenako tilembe mmene nkhani za cyberpunk (nthano zopeka za m'tsogolo momwe makompyuta ndi makampani amalamulira moyo wa anthu) zikugwirizanira ndi zipangizo zamakono. Ntchitoyi ndi ya anthu anayi koma wovutika ndine ndekha. Mmodzi ndikalemba chilichonse amangoyankha ndi kachala koloza kumwamba. Wina akuti agogo ake akudwala, agogo omwewo anadwalanso teremu yatha nthawi ya mayeso. Wachitatu sindimutchula, tinali pachibwenzi mpaka mwezi watha ndipo laputopu yomwe ndinkalembera inali yake. Panopa ndikutayipa pa foni ya galasi long'aluka, chilembo cha a ndimachita kudina kawiri. Ndinalemba masamba 6 kuti olemba mabuku aja analosera intaneti, Facebook, ndalama za pa intaneti, zonse. Aphunzitsi andibwezera atalemba mzere umodzi wokha ndi inki yofiira: kulosera ndi kuyambitsa n'zosiyana, sankhani chimodzi. Sindinagone. Mwina amandida chifukwa tsiku lina foni yanga inalira m'kalasi. Ndilembe chiyani abale?

Mphunzitsi Wopuma:
Mwanangu, buku lomwe mwapatsidwalo ndi liti? Yankho lonse lagona pamenepo.

Mkulu Wamawaya:
Aphunzitsi anuwo ndi munthu wanzeru, muwagwire dzanja. Ndatopa nayo nkhani yoti olemba nthano anayambitsa intaneti. ARPANET, kholo la intaneti, inalumikiza makompyuta mu 1969. Imelo yokhala ndi chizindikiro cha @ inayamba mu 1971. William Gibson anatulutsa Neuromancer mu 1984, patapita zaka 15, ndipo analemba bukulo pa makina otayipira a manja, Hermes 2000, alibe kompyuta m'nyumba mwake. Munthu amene kompyuta ankangoiona kwa eni ake angayambitse bwanji intaneti? Zinthu izi anapanga ndi mainjiniya, anthu a mawaya ngati ife. Enawo ndi alakatuli basi.

Kadzidzi:
Chemwali, funso langa ndi la laputopu. Anaitenga ndi chaja yomwe?

Wowerenga Usiku:
Akulu Amawaya, palibe wanena kuti Gibson anakumba ngalande n'kuyala mawaya. Koma mawu oti cyberspace, kutanthauza dziko la m'makompyuta, anabwera ndi iye, mu nkhani yaifupi ya Burning Chrome mu 1982. Iye mwini amafotokoza kuti ankaona ana akusewera magemu a vidiyo ku Vancouver, atatsamira pa makina ngati akufuna kulowa mkati mwa galasi. Anthu asanaione intaneti ndi maso, anali atapatsidwa kale chithunzi choti ndi malo omwe munthu amalowamo. Mu 1996 John Perry Barlow analemba chikalata chouza maboma kuti cyberspace si dziko lawo. Mawu a m'nthano anafika mpaka pa ndale. Zimenezo si zazing'ono.

Mkulu Wamawaya:
Dzina ndi dzina mayi. Amene watcha mwana dzina si amene wabereka.

Mayi wa Atatu:
Ine izi za mabuku sindizidziwa, koma ana anga atatu onse akhala ngati anthu a m'mafilimu amenewo. Wamkulu amadya maso ali pa foni, ukamuitana amayankha patapita mphindi. Tsiku lina ndinazimitsa intaneti m'nyumba, mnyamata wa zaka 16 analira misozi yeniyeni. Ngati olembawo ankadziwa kuti zidzafika apa, bwanji sanatichenjeze? Ndipo iwe mwana, kusukulu unapitira maphunziro, zibwenzi za chiyani?

Wowerenga Usiku:
Amayi, kuchenjeza ndiye kumene ankachita. M'mabuku amenewa makampani ndi amphamvu kuposa maboma, olemera amakhala pamwamba pa nsanjika, osauka pansi pa mvula ndi utsi koma aliyense ali ndi chipangizo chamakono. Vuto ndi loti ena anawerenga chenjezo n'kuliona ngati pulani ya nyumba. Snow Crash ya Neal Stephenson, 1992, ndi imene inabweretsa mawu oti Metaverse, dziko la pa kompyuta lomwe anthu amalowamo atavala chigoba kumaso, ndipo m'bukumo anthu amathawira kumeneko chifukwa moyo weniweni wawonongeka, mwini nkhani amagona m'chipinda chosungiramo katundu. Mu October 2021 kampani ya Facebook inasintha dzina kukhala Meta. Chemwali wofunsa, lembani chimenecho.

Mkulu Wamawaya:
Ndipo metaverse yanuyo ili kuti lero? Ndani muno amavala chigoba kumaso popita kuntchito? Muziwerenga zimene anaphonyanso. Mu Neuromancer yonse mulibe foni ya m'manja. Muli malo ena ku Istanbul pomwe mwini nkhani akudutsa mzere wa mafoni oponya ndalama, iliyonse ikulira iye akamaidutsa. Mneneri wanji wosaona chinthu chomwe lero chili m'thumba la aliyense? M'buku lomwelo munthu akuzembetsa ma megabyte atatu a RAM (memori ya kompyuta) ngati chuma chambiri. Ma megabyte atatu! Chithunzi chimodzi cha foni yong'aluka ya chemwaliyu chikhoza kuposa pamenepo. Filimu ya Blade Runner ya 1982 inati mu 2019 ku Los Angeles magalimoto adzakhala akuuluka. 2019 inadutsa, ine ndikukankhabe yanga ikafa batire.

Kadzidzi:
Ine ndikungodikira mkono wachitsulo uja. Wanga wakumanja watha ndi kuchapa.

Ndinapsa Kale:
Mukunena ndalama za pa intaneti mwandikumbutsa chilonda. Mnzanga wina wa kuntchito anandikokera ku pulogalamu ina yoti ukaikamo ndalama zimaswana mlungu uliwonse. Miyezi iwiri yoyamba manambala ankakwera pa sikirini, ine n'kumauza mkazi wanga kuti tayamba kulemera. Tsiku lomwe ndinafuna kutapa, anati ndilipire kaye msonkho. Ndinalipira. Mawa lake tsambalo silinatsegukenso. Mnzangayo mpaka lero tikakumana pakhomo amayang'ana nsapato zake. Ngati cyberpunk ndi imeneyi, ine ndinaiwerenga ndi thumba langa.

Wokonza Mafoni:
Pepani achimwene, koma amenewo anali akuba wamba ovala jekete la kompyuta. Komabe ulusi ulipo. Mu 1992 kunayamba kagulu ka anthu okonda kubisa mauthenga ndi masamu, ankadzitcha cypherpunks, dzina loseweretsa mawu oti cyberpunk. Ankakambirana za ndalama zosadutsa kubanki zaka zambiri chikalata cha Bitcoin chisanatuluke mu 2008. Chemwali, galasi la foni yanu lisinthitseni msanga, likalowa chinyezi mudzataya ndi ntchito yomwe mwalembayo. Sungani kope pa imelo lero lomwe.

Membala wosadziwika:
Zikomo nonse. Chaja anatenga, ndi mbewa ya kompyuta yomwe ndinagula ndekha. Amayi, za chibwenzi ndamva. Tsopano uja wa agogo odwala waika chithunzi ali kuphwando. Ndimuuze mphunzitsi kapena ndingochotsa dzina lake? Komanso ndasokonezeka kwambiri, ndiye ndinene kuti analosera kapena sanalosere?

Mphunzitsi Wopuma:
Mwanangu, ndafunsa buku. Komanso ntchitoyi ikufunika liti?

Mkulu Wamawaya:
Nenani kuti sanalosere, mutseke nkhani. Tim Berners-Lee analemba maganizo ake a World Wide Web mu 1989 ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi ku Ulaya, chifukwa asayansi ankataya mapepala ndi mafayilo awo, osati chifukwa anawerenga nthano za anyamata ovala magalasi akuda. Ine ndayala mawaya zaka zambiri, sindinaonepo kasitomala akundipatsa buku la nthano kuti ndilumikize motsatira limeneli.

Wowerenga Usiku:
Akulu, inu mumayala mawaya, koma amene amasankha zoti zidutse m'mawayamo amawerenga. Mu Snow Crash muli pulogalamu yotchedwa Earth, dziko lonse lozungulira lomwe umatha kuliyandikitsa mpaka kuona misewu. Mmodzi mwa anthu amene anayambitsa kampani ya Keyhole ananena yekha kuti bukulo linawapatsa maganizo. Google inagula Keyhole mu 2004, mu 2005 kunatuluka Google Earth. Chinanso, mawu oti worm, pulogalamu yodzifalitsa yokha pa makompyuta, akatswiri a ku Xerox PARC anawatenga m'buku la John Brunner la 1975, The Shockwave Rider.

Mkulu Wamawaya:
Brunner si wa cyberpunk, 1975 dzinalo kunalibe. Bruce Bethke anatulutsa nkhani yotchedwa Cyberpunk mu 1983. Musamabe zigoli.

Wowerenga Usiku:
Ndiye mabukuwa mumawadziwa bwino chonchi bwanji, inu amene mumati ndi za alakatuli?

Mkulu Wamawaya:
Munthu amayenera kudziwa chimene akutsutsa.

Kadzidzi:
Akulu awa ali ndi shelefu yonse kuchipinda, amawerenga atatseka chitseko.

Wokonza Mafoni:
Wina atchuleko za 1990, pamene a Secret Service ku America analowa mu ofesi ya Steve Jackson Games n'kulanda makompyuta pamodzi ndi zolemba za gemu ya GURPS Cyberpunk yomwe inali isanatuluke. Chaka chomwecho kunabadwa Electronic Frontier Foundation yomenyera ufulu wa anthu pa intaneti, ndipo inathandiza kampaniyo kukhoti. Apa nthano inagundana ndi apolisi enieni.

Mphunzitsi Wopuma:
Aphunzitsi anu sakukudani, akufuna umboni. Pa kulosera mudzangofananitsa zinthu, ndipo Akulu Amawaya akuonetsani mmene angakugwetsereni. Pa kuyambitsa mukufunika munthu amene anapanga chinthu n'kunena yekha kuti anachitenga m'buku. Ngati mwapatsidwa Snow Crash, muli ndi mwayi, zitsanzo zili m'mwambamu. Ngati ndi Neuromancer, tsamirani pa mawu oti cyberspace ndi mmene anasinthira kaganizidwe ka anthu. Ngati ndi lina, zonse takambazi mwina sizikuthandizani. Za mnzanu wa kuphwandoyo, sungani mauthenga onse muwaonetse aphunzitsi, musachotse dzina nokha. Kachitatu tsopano: buku ndi liti, ndipo mwaliwerenga?

Mayi wa Atatu:
Sayankha ameneyo, ali pa foni.