Mwana wa achemwali anga walowa gulu la uphungu pa WhatsApp, ndimuletse?

NaPhiri_Mufakose:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndikusunga mwana wa malemu achemwali anga, mtsikana wa zaka 19, ali pa koleji mtauni muno. Sabata yatha ndinamupeza pakhonde usiku cha m'ma 9 akunong'ona pafoni, nditamufunsa akuti ali mu gulu la uphungu, ana 12 ndi mlangizi mmodzi, amakumana Lachinayi lililonse ndipo nkhani zake ndi za zibwenzi, makondomu, kukana mwamuna akamakukakamiza, anyamata alimonso momwemo eti. Ine ndinangoti kakasi. Ife tinalangizidwa ndi anankungwi pa famu ku Mazowe ndipo zimenezi sizinkakambidwa pamaso pa amuna. Ndimuletse kapena ndimusiye?

Chimwemwe_Epworth:
Mayi chonde musamuletse. Ine ndili ndi zaka 23, ndinakhalamo mu gulu ngati limenelo chaka chatha ndipo ndinalowa ndi mutu wodzadza ndi nzeru za pa kona, zoti mtsikana woyenda ndi kondomu mchikwama ndi woyendayenda, zoti tsiku loyamba mimba sichitika, zoti mkazi akati ayi ndiye kuti akungofuna umunyengerere. Chinandisintha si mlangizi ayi koma mtsikana wina amene anatumiza voisi akufotokoza mmene chibwenzi chake chinamutsekera mchipinda iye akukana, mawu akunjenjemera mpaka kudukiza, gulu lonse linangoti zii. Ndinamvera kawiri nditagona, ndinachita manyazi chifukwa mawu a mnyamatayo ndi omwewo amene ife timauzana tikamaseka. Pamaso ndi pamaso sakanayankhula zimenezo, pafoni palibe akukuyang'ana. Ndi momwemonso ndinadziwira za PEP, mankhwala oteteza ku HIV munthu akagonana mosadziteteza kapena akagwiriridwa, kuti zikavuta uyenera kufika kuchipatala pasanathe maola 72 ndipo mankhwalawo umamwa masiku 28.

Anambewe_Mbare:
Anzanga a NaPhiri, ndikukumvani, inenso ndine wa chinamwali. Koma tinene zoona, anankungwi atsala angati muno mu Harare? Athu aja ena anamwalira ena anabwerera ku Dedza, anzathu Achishona nawonso akudandaula kuti atete, azakhali olangiza aja, alibenso nthawi yokhala pansi ndi ana. Ndiye mwana afunse kwa ndani? Kuuza mlendo zakukhosi si zachilendo, kuno ku Mbare kunayamba Friendship Bench mu 2006 ndi Dr Dixon Chibanda, agogo kukhala pa benchi pa kiliniki kumamvetsera anthu amene akudwala maganizo, kuganiza kwambiri kuja komwe Achishona amati kufungisisa, ndipo anthu amamasuka.

Changa ndi chimodzi, fufuzani amene akuyendetsa gululo. Ndi bungwe lodziwika kapena ndi bambo wina chabe amene wadzipatsa dzina la mlangizi? Akamaitanira atsikana kumbali kapena kupempha zithunzi, mutulutsenimo tsiku lomwelo. Funsaninso ngati mulibe ana aang'ono, paja kuyambira 2024 lamulo la kuno likuti wosakwana zaka 18 sangavomere zogonana, ndipo za ana pali bungwe la Childline, mumaimba pa 116.

Madalitso_Highfield:
Ine nkhawa yanga ndi masikirinishoti basi. Msuweni wanga anaulula zake mu gulu lina, mawa lake zinali mmafoni a anthu akutchalitchi, mpaka kwaya anasiya. Muuzeni asatchule dzina la munthu kapena komwe amakhala.

NaPhiri_Mufakose:
Zikomo nonse. Dzulo tikusadzula masamba ndinamufunsa mwaulemu ndipo anandionetsa malamulo a gululo, salola zithunzi, salola kuimbirana kumbali, mlangizi wake ndi namwino wachizimayi. Kenako anandifunsa kuti amayi, kuchinamwali kwanu anakuphunzitsaniponso kukana? Ndinasowa choyankha, ife anatiphunzitsa kulemekeza mwamuna ndi kusunga banja, za kukana sindikukumbukira. Lachinayi lino bando ndimugulira ine, koma ndamuuza kuti azilowa mnyumba asamakhale pakhonde usiku, kukuzizira.